Dzanja losisita ndi lomwelo lotsina

M'sewero lovina la Kontakthof, limene Pina Bausch anapanga mu 1978 ndi gulu lake la Tanztheater Wuppertal ku Germany, muli gawo lina lovuta kuliyang'ana. Mkazi waima yekha m'holo yovinira, amuna ovala masuti amuzungulira. Wina akumusisita tsaya, wina akumugwira tsitsi, wina akumutsina mphuno ngati momwe timaseweretsera khanda. Palibe akumumenya. Koma manja aja akuchulukirachulukira, ndipo iye wangoti duu, osaseka, osathawa.

Ine ndikuti gawo limeneli limanena zimene zikwangwani zathu zotsutsa nkhanza zimalephera kunena. Timakonda kuganiza kuti chilakolako ndi nkhanza n'za midzi yotalikirana: uku maluwa, uko zibakera. Bausch akuonetsa kuti zimamwa chitsime chimodzi. Kagwiridwe n'komweko, kungoti wogwidwayo sanafunsidwe. Mutawafunsa amuna aja mmodzimmodzi, aliyense angalumbire kuti amangosonyeza chikondi.

Ena sagwirizana nazo. Arlene Croce, yemwe ankalemba za magule m'magazini ya The New Yorker, anadzudzula Bausch mu 1984 kuti akusandutsa ululu kukhala chodyetsa maso. Mfundoyi si yopepuka ayi. Munthu wagula tikiti, wakhala pampando wofewa, mkazi akuzunzika pamaso pake, pamapeto n'kuwomba m'manja. Pali kena kake konyansa pamenepo.

Komabe chodyetsa maso chimayenera kukoma, ndipo Bausch amachotsa dala kukomako pobwereza chinthu mpaka chitafika pakhosi. Mu Café Müller, sewero la mu 1978, mwamuna ndi mkazi akumbatirana. Mwamuna wina akubwera n'kuwakonza manja, kumuika mkaziyo m'manja mwa mnzakeyo, iye n'kupulumuka, khu pansi. Adzuka, akumbatirananso, awakonzanso, agwanso, liwiro likukwera, mpaka awiriwo akuzichita okha wowakonza uja atachoka. M'filimu nkhanza zimachitika kamodzi, ngwazi n'kutulukira kudzapulumutsa. Apa palibe wobwera, ndipo woonera amayamba kuzindikira kuti nayenso wangokhala n'kumayang'ana.

Mu 2000 Bausch anapereka Kontakthof kwa anthu wamba a zaka 65 kupita m'tsogolo kuti avine. Mu 2008, patatsala chaka kuti amwalire, analipereka kwa ana asukulu a zaka zoyambira 14. Masitepe sanasinthe. La achinyamatali ndi limene limandisowetsa mtendere, chifukwa manja a kamnyamata kosamera n'ndevu zomwe akuchita ndendende zimene anachita manja a agogo aja.