Inshuwalansi ya zaumoyo ku South Africa: kodi lamulo limakutetezani mpaka pati?

Ngati mumakhala kapena kugwira ntchito ku South Africa, mwina munalandirapo kapepala kotsatsa inshuwalansi ya zaumoyo yotsika mtengo. Musanasaine, dziwani kuti m'dzikomo muli mitundu iwiri ya chitetezo chotere, ndipo boma limaiyang'anira ndi malamulo osiyana. Otsatsa malonda sakonda kulongosola kusiyanaku, chonsecho n'kumene kudzagamule ngati bilu yanu ya kuchipatala idzalipiridwe.

Mtundu woyamba ndi medical scheme, imene ambiri amangoti medical aid. Imayendera lamulo la Medical Schemes Act la 1998, ndipo imayang'aniridwa ndi bungwe la Council for Medical Schemes. Ngati scheme ndi yotsegukira aliyense, lamulo siliilola kukukanani chifukwa cha msinkhu kapena matenda, ngakhalenso kukulipiritsani zambiri kuposa anzanu kaamba koti ndinu wodwala. Iyenera kulipira chithandizo cha mwadzidzidzi, cha matenda ena 271, komanso cha matenda okhalitsa 26 monga shuga, kuthamanga kwa magazi, mphumu, khunyu ndi HIV. Mndandandawu umatchedwa Prescribed Minimum Benefits. Komabe scheme ili ndi ufulu wokusankhirani chipatala, ndipo mukapita kwina mwa kufuna kwanu, gawo lina la bilu lidzakhala lanu.

Lamulo lomwelo lili ndi minga yake, ndipo imabaya kwambiri anthu ochokera kunja. Amene akulowa kumene akhoza kudikiritsidwa miyezi 3 asanathandizidwe pa chilichonse, ndi miyezi 12 pa matenda amene anabwera nawo, uku akulipira mwezi ndi mwezi. Wolowa atapitirira zaka 35 akhoza kuikiridwa chindapusa cha moyo wonse. Mwachitsanzo, munthu wa zaka 45 amene sanakhalepo mu scheme angawonjezeredwe 25 peresenti pa ndalama ya pamwezi, ndipo chindapusa chachikulu chimafika 75 peresenti. Zaka zimene munalipira medical aid ku Malawi kapena ku Zambia siziwerengedwa, popeza lamulo limazindikira ma scheme a m'dzikomo okha. Cholinga chake n'chomveka: kuletsa anthu kulowa pokhapokha akadwala. Koma munthu amene anakulira kwina, amene analibe n'komwe mwayi wolowa ali wachinyamata, akulangidwa popanda mlandu.

Mtundu wachiwiri ndi inshuwalansi yogulitsidwa ndi makampani wamba. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito pa 1 April 2017 anaika malire pakati pa iyo ndi medical aid. Hospital cash plan imangokupatsani ndalama yoikika pa tsiku lililonse limene mwagonekedwa, kaya bilu ndi yaikulu bwanji. Gap cover imangothandizira pamene medical aid yalekezera, choncho ilibe phindu kwa amene alibe medical aid. Palinso mapulani otsika mtengo olipira dokotala ndi mankhwala ochepa, amene akugulitsidwabe pa chilolezo chapadera cha kanthawi. Onsewa sakakamizidwa kulipira mndandanda wa matenda uja.

Mapulani otsika mtengowa ndi amene eni mabizinesi ang'onoang'ono amakonda kugulira antchito awo, pakuti palibe lamulo la dziko lonse lowakakamiza kupereka medical aid. Si oipa, kuonana ndi dokotala msanga n'kwabwino. Koma musaganize kuti adzalipira opaleshoni kapena chithandizo cha khansa m'chipatala cholipira. Chimene bwana aliyense akukakamizidwa ndi kulembetsa antchito ku Compensation Fund, thumba lothandiza ovulala pa ntchito. Kuyambira pa chigamulo cha Constitutional Court cha mu 2020, antchito a m'nyumba nawonso ali m'gululi.

Zonsezi zikhoza kusintha. Pa 15 May 2024, Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina lamulo la National Health Insurance, lofuna kukhazikitsa thumba limodzi la boma logulira anthu chithandizo. Lamuloli likadzakhazikika kwathunthu, ma scheme azidzangolipira zimene thumbalo silipereka. Mabungwe angapo, kuphatikizapo Solidarity ndi Board of Healthcare Funders, analitengera kukhoti, ndipo boma lenilenilo linanena kuti ntchitoyi idzachitika pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Gawo loyenera kuliwerenga bwino ndi lonena za alendo. Nzika, okhala ndi chilolezo chokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka ali m'kati. Amene akudikira yankho la pempho lawo lothawirako ndi amene alibe mapepala adzalandira chithandizo cha mwadzidzidzi ndi cha matenda amene lamulo limafuna kuti boma lidziwitsidwe, monga TB, basi. Ana onse, mosayang'ana mapepala a makolo awo, ali ndi ufulu wa chithandizo choyambirira.

Choncho musasiye medical aid yanu poganiza kuti thumba latsopano layamba kulipira. Mukakhala kunja kwa scheme masiku 90 kapena kuposerapo, pobwerera mukhoza kudikiritsidwanso ngati mlendo, ngakhale pa matenda a pa mndandanda uja. Ndipo wina akakubweretserani pulani yatsopano, mufunseni nambala yolembetsera ku Council for Medical Schemes, kenako mumupemphe akulembereni matenda amene pulaniyo silipira.