Tikaleka kuyeza nyanja tidzawerenga mitembo

Mu 2025 akuluakulu a boma ku America anachotsa ntchito akatswiri mazanamazana a zanyengo ndi zam'nyanja, nakonzanso zodula ndalama zambiri za kafukufuku wa nyanja zamchere. Kuno kwathu ambiri anangoti ndi zawo zimenezo. Ine zandikwiyitsa, chifukwa chenjezo la namondwe limene timamva pa wailesi limayambira m'nyanja, m'zida zimene zimayeza madziwo usana ndi usiku. Zidazo zikaleka kuyeza, chenjezo limachedwa kapena kuphonya, ndipo amene amakwiriridwa ndi matope ndi anthu a ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Nsanje.

Ndamva ena ophunzira bwino, ovala mataye, akunena molimba mtima kuti Malawi alibe nyanja yamchere, ndiye zoyeza nyanja sizikutikhudza. Maganizo amenewa ndi aulesi, ndipo amene amawalankhula ayenera kuchita manyazi. Kodi namondwe Freddy anabadwira ku Chiradzulu? Anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February 2023, nawoloka nyanja yonse ya Indian, namenya Madagascar, nalowa mu Mozambique, nabwerera m'nyanja kukatenga mphamvu zina, nalowanso cha ku Quelimane pa 11 March. Anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina m'mbiri yolembedwa amene anakhalitsa chotero. Atafika kuno, phiri la Soche linagumukira nyumba za anthu. Omwalira pamodzi ndi osowa anaposa 1,000, ndipo anthu oposa 600,000 anathawa m'makomo mwawo. Wonena kuti tilibe nyanja apite akawauze zimenezo amasiye a ku Mulanje, awayang'ane m'maso.

Mphamvu ya namondwe ndi kutentha kwa madzi. Amafuna madzi ofunda madigiri pafupifupi 26 kapena kuposa, ndipo kufundako kuyenera kutsika mamita makumi angapo pansi. Madzi ofunda akakhala pamwamba pokha, mphepo imawavundula, ozizira apansi amakwera, namondwe amafooka. Akakhala ofunda mpaka pansi, namondwe amakula msanga. Satelayiti imaona pamwamba pa nyanja, koma kuti tidziwe bwino zapansipo pamafunika chida chimene chili m'madzi momwemo. Apa m'pamene odula ndalama ndi anzawo a kuno amaonetsa umbuli wawo akamati zithunzi za mumlengalenga n'zokwanira.

Zidazo zilipo, ndipo ntchito yake ndi yogometsa. Kuchokera cha m'ma 2000, pansi pa ndondomeko ya Argo, maiko akhala akuponya m'nyanja timaloboti toyandama, ndipo lero tilipo pafupifupi 4,000. Kalikonse kamamira mamita 1,000, n'kumayenda ndi madzi, kenako pakatha masiku 10 kamatsika mamita 2,000, n'kukwera pang'onopang'ono kakuyeza kutentha ndi kuchuluka kwa mchere. Kakafika pamwamba kamatumiza zimene kapeza kudzera pa satelayiti, ndipo aliyense padziko lapansi amaziona mwaulere. Tina tatsopano timafika mamita 6,000. Mu nyanja ya Indian mulinso zida zomangirira ku nangula zotchedwa RAMA, zimene anayamba kuziika mu 2004, zoyeza mphepo, mvula ndi kutentha kwa madzi. Akatswiri a pa chilumba cha La Réunion, amene amalondola anamondwe a chigawo chathu chino, komanso a zanyengo a kuno, amadalira makompyuta olosera amene amadyetsedwa miyezo ngati imeneyi.

Pafupifupi theka la timaloboti ta Argo timalipiridwa ndi dziko la America lomwe lija linakonza zodula ndalama mu 2025. Kaloboti kamodzi kamatha mphamvu pakapita zaka zinayi kapena zisanu. Mukangoleka kuponya tatsopano, nyanja imayamba kuda pang'onopang'ono popanda phokoso, ndipo mudzazindikira tsiku limene namondwe adzakupezeni musanakonzeke.

Izi zinachitikapo kale. El Niño wa 1982 mpaka 1983 anadzidzimutsa akatswiri, ndipo n'chifukwa chake anamanga mzere wa zida pafupifupi 70 mu nyanja ya Pacific, ntchito imene inamalizidwa mu 1994. Mu 2012, pofuna kupulumutsa ndalama, anapumitsa sitima imene inkakonza zidazo. Pasanathe zaka ziwiri, zoposa theka la miyezo yochokera kumeneko zinali zitasiya kufika. Nthawi ya Covid zida zambiri za mu nyanja ya Indian nazonso zinazima chifukwa sitima sizinkapita kukazikonza. Tsono munthu amene wawerenga mbiri imeneyi n'kubwerezanso kudula ndalama sanganene kuti sankadziwa.

El Niño yemweyo, woyezedwa ku Pacific kutali kwambiri ndi Lilongwe, ndi amene anawotcha chimanga chathu mu 2016, nabweranso mu 2024 mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mlimi wa ku Balaka amene anamva msanga kuti mvula idzavuta, nabzala mbewu yocha msanga kapena chinangwa, anathandizidwa ndi chida chimene chikuyandama pakati pa nyanja imene sadzaiona. Ngakhale chiperoni chimene chimanyowetsa tiyi ku Thyolo ndi chinyezi cha m'nyanja ya Indian. Nanga tinganene bwanji kuti nyanja si yathu pamene mvula yathu yambiri imachokera komweko?

Palinso gulu lina limene limadzitcha loganizira osauka. Iwo amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndalama zigule feteleza ndi mankhwala, za sayansi zidikire tikadzalemera. Amalankhula ngati anzeru, koma masamu awo ndi opanda mutu. Fetelezayo mudzamuthira m'munda umene wakokoloka? Mankhwalawo mudzawasunga m'chipatala chimene madzi alowa? Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko linataya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Zimene Freddy anawononga kuno zinaposa madola 500 miliyoni. Kaloboti kamodzi ka Argo mtengo wake ndi madola pafupifupi 20,000, ndalama yosafika pa mtengo wa galimoto imodzi mwa zija zimene mabwana amayendera pa mdipiti. Amene amaona kuti chida choyezera n'chodula, koma osaona kudula kwa mabokosi a maliro, mahema ndi milatho yogwa, alibe ufulu wotiphunzitsa za kusamala chuma. Anthu omwewa ndi amene amathamangira ku misasa ndi matumba a ufa makamera ali kutsogolo, atakana kuika ndalama pa chinthu chimene chikanachepetsa anthu m'misasamo.

Inde, chida choyezera sichiimitsa namondwe. Namondwe Idai anaonedwa akubwera, komabe anasakaza Beira mu March 2019 ndipo anthu oposa 1,000 anafa m'maiko atatu. Chenjezo liyenera kufika m'chinenero cha anthu, ndipo payenera kukhala kothawira. Koma zimenezi zikutanthauza kuti tiwonjezere pa kuyezako. Popanda muyezo palibe choti mfumu ilengeze, palibe choti wailesi iulutse, palibe tsiku loti anthu a ku Makhanga asamukire kumtunda.

Choncho mkwiyo wanga uli pawiri. Uli pa akuluakulu akunja amene anakonza zodula ndalama za zida zimene dziko lonse limadalira, pomwe utsi wa maiko awo ndiwo wafunditsa nyanjayo. Uli kwambiri pa atsogoleri a chigawo chathu amene akhala zaka zonsezi akudya chenjezo laulere osaponyapo zokwanira. South Africa ili ndi sitima yakafukufuku ndi akatswiri oyeza nyanja. Mozambique ili ndi gombe la makilomita oposa 2,000. Maiko a SADC, kuphatikizapo ife opanda gombe, asonkhe ndalama chaka ndi chaka zogulira zida zoti ziponyedwe m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar, ndipo achinyamata athu a sayansi atumizidwe pa sitimazo kuti adziwe kuwerenga miyezoyo okha. Aphungu athu akamakambirana bajeti yotsatira afunse kuti ndalama ya zimenezi ili pa tsamba liti, ndipo ngati palibe, akane kuivomereza.