NZERU ZA PAKHOMO: Sementi Si Mankhwala a Cimbudzi Codontha

Munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Kafue, akapitirira Chilanga ndi kufika pa Shimabala pamene magalimoto amaima kuti alipire msonkho wa mseu, amaona nyumba zatsopano za malata zimene zikumka ziculuka caka ndi caka. Zambiri ziri ndi thanki ya madzi pamwamba pa nsanja ya citsulo, ndipo m'kati mwace muli cimbudzi ca madzi cimene cimathira m'dzenje la sepitiki kuseri kwa nyumba. Ici ndi citukuko cokondweretsa ndithu. Koma akulu-akulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a cimbudzi ca madzi amayamba kuoneka patapita zaka zingapo.

Amayamba ndi kafungo. Amai a pakhomo amakolopa m'mawa, amathira Jik madzulo, amakalipira ana kuti sasamala, koma fungo silicoka. Kenaka pansi, kuseri kwa cokhalira cija cimene amisiri amacicha pani, pamakhala ponyowa nthawi zonse, ndipo mphemvu zimamangapo mudzi. Kawiri-kawiri mlandu suli wa ana ai. Uli pa kacipangizo ka pulasitiki kokhala ndi milomo ya mphira, kamene kamalumikiza khosi la pani ndi paipi yaikulu yotaya zonyansa. M'masitolo a zomangira nyumba amakacha pan connector. Ku America, kumene zimbudzi zimathira pansi ceni-ceni, nchito imeneyi imagwiridwa ndi mphete yomangirira pansi yochedwa flange pamodzi ndi phula lomata, koma kuno kwace ndi kolumikizira ka mphira kameneka, kaya paipi ipyola cipupa kaya ilowa pansi.

Mphira imauma ndi kung'ambika ikakalamba. Imafa msanga ngati pani igwedezeka munthu akakhalapo cifukwa mabauti ace anadyeka ndi dzimbiri, kapena ngati cimbudzi cikatsekeka anthu acitokosa ndi ndodo ndi mawaya, nathiramo madzi owira ndi mankhwala aukali.

Tsono apa ndi pamene eni nyumba ambiri amalakwira. Bambo akaona kunyowa kuja amatuma mwana kukapempha sementi ya m'citini kwa mnansi amene akumanga, naikanda, namata khosi lonse la pani mpaka kolumikizira kaja kabisika. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri pakhomo pamakhala mtendere. Koma sementi siigwirana ndi pulasitiki, ndiponso siipindika monga mphira. Pani ikagwedezeka pang'ono pokha, mng'alu wonga tsitsi umatseguka, ndipo madzi aja, m'malo motulukira poonekera pamene angakolopedwe, amayamba kuyenda mobisala kulowa m'cipupa ndi pansi pa nyumba. Coipitsitsa ndi ici: tsiku limene kudzafunika kucotsa pani, sementi ija idzakhala itaigwira khosi zolimba, ndipo nyundo ikangophonya kamodzi, pani yonse yasweka. Kanthu kocipa kamene kakanagulidwa paciyambi kasanduka ndalama za pani yatsopano ndi za mmisiri pamodzi.

Kutaya ndalama ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi cimene cikudonthaco. Si madzi wamba. Kacirombo ka kolera kamayenda m'zonyansa za munthu, ndipo pansi ponyowa pa cimbudzi ndi pamene mwana wokwawa amagwira asanaike dzanja m'kamwa. Mliri umene unayamba mu Lusaka m'mwezi wa Okutobala 2023 unagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lino, nupha oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo ana a sukulu sanabwerere m'makalasi kufikira pa 12 Febuluwale 2024. Anthu a ku Shimabala ali ndi cifukwa cinanso cocenjerera. Dera limeneli liri ndi miyala ya laimu, yomwe ija inacititsa kuti kampani ya sementi ikhazikitsidwe ku Chilanga m'caka ca 1949. Mwala wotere uli ndi ming'alu ndi mapanga, kotero kuti madzi oipa samasefeka bwino monga acitira mu mcenga, ndipo angathe kufika msanga pa citsime ca banja lomwelo kapena ca mnansi.

Asanagule kanthu, mwini nyumba ayambe watsimikiza pamene pakudontha. Apukute pansi paume, ayale nyuzipepala yakale pansi pa khosi la pani, ina aikulunge pa kapaipi kocokera ku kathanki ka madzi, kenaka agujumule. Pepala la pamwamba likanyowa, vuto ndi la kathanki ndipo ndi lopepuka. Likanyowa la pansi lokha, kolumikizira katha nchito.

Paipi yotaya zonyansa m'nyumba zambiri ndi ya mamilimita 110, imene amisiri akale amaicha ya mainchesi anai. Zolumikizira ziripo za mitundu-mitundu: zoongoka, zokhota, zopatuka pang'ono za pani imene siinalunjikane bwino ndi paipi, ndi zina zofutukuka zonga khosi la kamba. Zofutukukazi zimakopa anthu cifukwa zimalowa paliponse, koma makwinya ace amasunga zonyansa, ndipo munthu wanzeru amazigula pokha-pokha ngati zina zonse zakana. Njira yosaphonya ndiyo kutsuka kakale kaja, kukaika m'thumba la pulasitiki ndi kupita nako kusitolo ku Kafue kapena ku Lusaka. Agulenso mabauti awiri a mkuwa kapena a citsulo cosacita dzimbiri, ndi timapulagi tace ta pulasitiki.

Nchito yeni-yeni ifuna anthu awiri ndi m'mawa umodzi. Atseke madzi, agujumule kuti kathanki kaume, ndipo madzi otsala m'pani awatunge ndi kacitini, otsiriza awafinye ndi nsanza. M'manja avale magolovesi, akasowa avale matumba a pulasitiki awiri-awiri. Amasule kapaipi ka madzi, amasule mabauti a pansi, ndipo awiriwo akokere pani kutsogolo pang'ono-pang'ono, osaipotoza. Aigoneke pa saka. Pani ikangocoka, kukamwa kwa paipi kutsekedwe ndi nsanza zokulunga m'thumba, zazikulu kuti zisagweremo, ndipo zenera likhale lotsegula, pakuti mpweya wocokera m'dzenje la sepitiki umadwalitsa mutu ndiponso umayaka. Fodya ndi kandulo zikhale panja.

Kolumikizira kakale kamazuka ndi manja ngati kanangolowetsedwa. Ngati wina anakamata ndi guluu, atenge mpeni wa sowo yodulira zitsulo, akaceke m'kati molunjika m'malo awiri kapena atatu, osafika pa paipi, ndi kukabenthula cidutswa-cidutswa. Apa mpofunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo paipi yokwiririka m'cipupa ikang'ambika nchito ya m'mawa umodzi imasanduka yogumula nyumba. Akatha apale kukamwa kwa paipi ndi khosi la pani mpaka zisalale.

Katsopano akapake thovu la sopo kuti katerere. Girizi, oilo wa galimoto ndi Vaseline ziri pafupi m'nyumba zambiri, koma zimafewetsa mphira ndi kuiononga. Acotse nsanza zija (ambiri amaiwala, nadabwa cimbudzi catsopano citatsekeka tsiku lomwelo), alowetse kolumikizira m'paipi mpaka kakhazikike, ndipo akankhire pani m'malo mwace kufikira khosi lace litamira lonse m'mphira. Pani ikhale yosapendama. Ngati pansi pali pokumbika, aikepo kacidutswa ka pulasitiki yolimba, osati kamtengo kamene kadzaola. Mabauti amangidwe mosinthana, uyu pang'ono uyo pang'ono, ndipo pani ikaleka kugwedezeka alekere pomwepo, cifukwa dothi loocha silicenjeza lisanasweke. Kenaka ayale pepala lina louma ndi kuthira ndowa zitatu kapena zinai motsatana. Pepala likakhala louma, nchito yatha. Pansi, zida ndi ndowa zitsukidwe ndi madzi a klorini, manja asambidwe ndi sopo kufikira m'zigongono, ndipo kolumikizira kakale kasatayidwe pa dzala pamene ana angakatole kukhala coseweretsa.

Pali nthawi ziwiri zimene mwini nyumba ayenera kuika sipanala pansi ndi kuitana mmisiri wa mipope: pamene pani inakhazikidwa m'sementi yokha popanda mabauti, ndi pamene paipi yaikulu yapezeka yong'ambika. Ndiponso ngati madzi abwerera m'pani ngakhale kolumikizira kali katsopano, ndiye kuti dzenje la sepitiki ladzaza kapena sokawe yatsekeka, ndipo kumeneko sikulowa munthu.

A m'midzi amene ali ndi zimbudzi zokumba asati nkhaniyi ndi ya a m'nyumba za malata okha. Ena anaika pa dzenje kapani ka pulasitiki kochedwa SATO, kamene kanayamba kugulitsidwa ku Bangladesh m'caka ca 2013, kokhala ndi kacitseko kodzitsekera kokha kamene kamaletsa fungo ndi nchenche. Nako kamafuna kuyang'anidwa m'mphepete mmene kamakumana ndi silabu, ndiponso pa kacitseko kace. Kakang'ambika kapena kacitseko kakaleka kubwerera, nchenche zapeza khomo, ndipo kayenera kucotsedwa ndi kuikapo kena. Dzenje lace, monganso sokawe ya cimbudzi ca madzi, likhale mamita osacepera 30 kucokera pa citsime, ndiponso kumunsi kwace.