ZA UMOYO: Dotolo wa pa Lamya Amva Cokhaco Cimene Auzidwa

Pamene Dr James Lawless anayambitsa gulu la Flying Doctor Service m'caka ca 1965, limene likulu lake lili ku Ndola, madotolo anali kulangiza anchito a m'zipatala zazing'ono za kumidzi pa wailesi, wodwalayo osamuona n'komwe. Lero lamya ya m'manja yafika m'nyumba zambiri, koma bvuto ndi lomwe lija: dotolo wokhala ku Kitwe kapena ku Ndola sakhoza kukhudza mphumi ya mwana kuti amve kutentha kwake.

Cotero banja likonzeke nthawi isanakwane. Lamya ikhale ndi moto wokwanira, ndipo apeze malo pamene mau amveka bwino, ngakhale pamwamba pa culu. Khadi la ku sikelo ndi mapaketi a mankhwala onse zikhale pafupi. Alankhule ndi mai amene agona ndi wodwalayo, osati bambo wongomva za m'mawa, pakuti dotolo adzafunsa tsiku limene matenda anayamba, ndi kangati mwana wasanza kapena kutsegula m'mimba.

Ambiri amabisa kuti wodwala wamwa kale mankhwala a zitsamba, kuopa kudzudzulidwa. Manyazi otere ndi oopsa, cifukwa mankhwala ena sagwirizana m'thupi. Malangizo alembedwe papepala, nawerengedwe mokweza kuti dotolo abvomereze.

Malungo sadziwika pa lamya. Afunika kupima magazi. Mwana akakomoka, akakana kuyamwa, kapena mai wapakati akataya magazi, asayembekezere lamya, koma athamangire naye ku cipatala capafupi ngakhale pakati pa usiku.