Kodi Ndiwo Zamasamba Zifunika Mankhwala a m'Botolo?

Amalonda a m'maiko akunja anakonza mankhwala a m'mabotolo amene ati ngotsukira zipatso ndi ndiwo zamasamba. Popeza Mchinji ali pa chipata cha dziko lino, pamene katundu wamitundumitundu alowa ndi kutuluka pa malire a Mwami, zinthu zotere sizichedwa kutipeza. Tsono mphunzitsi kapena kalaliki, amene malipiro ake ali owerengeka, ayenera kudzifunsa ngati nkoyenera kutayirapo ndarama. Ife tikuti iai.

Ku America, kumene mankhwalawa agulitsidwa kwambiri, bungwe la Boma loyang'anira zakudya, lochedwa Food and Drug Administration, lilangiza anthu kutsuka zipatso ndi madzi oyenda okha, ndipo siliyamikira sopo kapena mankhwala ogulawo. Chifukwa chake nchakuti khungu la chipatso lili ndi timabowo, ndipo sopo akalowamo sachoka yense ngakhale mutsukuluze. Ngati akumeneko anena chomwecho, ife tilimbikiranji?

Sitikunena kuti choopsa palibe. Mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa March 2022, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nthenda imeneyi iyenda m'madzi ndi m'zakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi. Chotero mlandu wagona pa madzi amene titsukira. Mai amene aviika matimati m'madzi a pachitsime chosasamalika waonjezera litsiro lomwe anafuna kuchotsa. Madziwo akhale a pampopi, a pamjigo, owiritsa, kapena othira klorini pa muyeso umene alangizi a zaumoyo aphunzitsa. Wosowa mpopi athire madzi ndi chikho, natikite chipatso ndi zala, osaviika zonse m'beseni limodzi. Asanayambe asambe m'manja, pakuti pamenepo mpamene sopo agwira nchito yake.

Nkhwani, mpiru ndi bonongwe tidya zophika, ndipo moto upha tizilombo ta matenda. Zofuna kusamala koposa nzimene tidya zaziwisi, monga magwafa, mango ndi matimati. Mango asendedwe atatsukidwa, ndipo masamba akunja a kabichi atayidwe.

Wina adzati, "Nanga mankhwala amene alimi apopera m'madimba?" Funso limeneli nlanzeru. Mankhwala ena, monga Dithane, akhala pamwamba pa khungu, ndipo kutikita m'madzi kuwachepetsa. Koma ena, monga dimethoate, alowa m'kati mwa mbeu, kumene madzi kapena botolo la m'sitolo sizingafike. Phwetekere wonyezimira pa msika wa Kamwendo kapena Kapiri angathe kutinyenga, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chotiteteza apa chili kudimba: mlimi adikire masiku amene alembedwa pa chikalata cha mankhwalawo asanathyole. Dziko lino lili ndi lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndiponso bungwe la Pesticides Control Board loyang'anira malonda ake. Momwemonso ndi chuku cha mtedza, mbeu imene Mchinji adziwika nayo: ululu wake suchoka ndi madzi kapena moto, koma tiupewa poumitsa bwino ndi kusankha woola.

Pa chifukwa ichi tikupempha aphunzitsi kuti aonetse ana katsukidwe koyenera ndi manja ao, osangolemba pa bolodi, chifukwa chimene mwana aona kusukulu chifika kwa amake tsiku lomwelo. Alangizi a zaulimi nao asatope kuwerengera alimi malangizo a pa mabotolo, pakuti ambiri alembedwa m'Chingerezi. Ndipo inu a nchito za Boma, amene anthu a m'midzi atengera chitsanzo chanu, ndarama imene mukadagulira botolo lija igule sopo wosambira m'manja ndi chidebe chovundikira madzi.