Ku "face to face" amapitira sukulu, lekani kutsekereza amayi

Pali uthenga umene ukuzungulira m'mafoni kuno ku Mchinji, ndipo wafika kale m'minibasi za ku Kamwendo ndi pa mabenchi a bawo ku Mkanda. Akuti amayi amene akuchita maphunziro a ODL, aja ophunzira munthu ali kwawo, makamaka a psychology ndi uphungu, akamati akupita ku "face to face" amakhala akupita kwa zibwenzi. Akuti maphunziro onse ali kale pa foni, ndiye chokagonera ku koleji Loweruka ndi Lamlungu, kapena masabata a tchuthi, n'chiyani ngati si chiwerewere? Kumapeto kwake uthengawo ukulangiza abambo kuti asalole akazi awo kupita.

Limeneli ndi bodza. Tikanalisiya kuti lizifera lokha likanakhala kuti silikuwononga kanthu, koma likuwononga. Alipo amayi amene analipira fizi atagulitsa mtedza ndi soya wawo, tsiku lonyamuka litafika chikwama n'kumasulidwanso chifukwa bambo akunyumba awerenga zinazake pa WhatsApp. Chimene chikutipweteka mtima n'chakuti ena mwa otumiza uthengawu ndi anthu ophunzira, ovala tayi, amene akanayenera kufunsa kaye kuti wolembayo ndani, anaona chiyani, anachionera kuti. Uthengawo sutchula koleji, sutchula tsiku, ngakhale mboni imodzi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo ndi za m'maluwazo zimene mabanja akuyambanirana lero.

Tili ndi funso limodzi kwa amene akukhulupirira nkhaniyi. Bwanji sukulu yokha?

Mayi wa ku Mchinji sayambira pa sukulu kugona kunja kwa nyumba yake. Maliro akagwa ku Kapiri amakagona pasiwa masiku awiri kapena atatu. Wachibale akagonekedwa pa chipatala cha boma kapena ku Guilleme, wodikirira ndi iyeyo, sabata yathunthu akuphika pa mafuwa kuseri kwa wodi. Misonkhano ya Chigwirizano ndi ya amayi achikatolika imatenga masiku. Mu Ogasiti anthu amawoloka pa Mwami kupita ku Kulamba ku Mkaika, mu Febuluwale enanso amapita ku Ncwala ku Mtenguleni, amayi ali momwemo. Nanga a geni? Amalawira kukaoda ku Chipata kapena ku Lilongwe, galimoto ikavuta amagona komweko, ndipo pobwera palibe amene amawaimika pakhomo kuti afotokoze kumene anagona. Katundu amatsitsidwa, ndalama imawerengedwa, nkhani yatha. Maulendo onsewa palibe amene anawalembera uthenga wochenjeza abambo. Ulendo umene wasanduka mlandu ndi umodzi wokha, womwe mayi amabwerako ndi pepala lolembedwa dzina lake.

Apa ndiye pamene bodzali likuonekera ng'amba. Munthu wofuna chibwenzi sadikira kalata ya ku yunivesite. Zibwenzi zilipo pa boma, m'maofesi, m'misika, ngakhale m'makwaya, ndipo n'zachidziwikire kuti ochita si amayi okha. Chimene ambiri akuopa, tinene mosabisa, ndi mkazi amene mawa adzakwezedwe pantchito, malipiro ake n'kuposa a bambo, pamsonkhano wa pasukulu anthu n'kumamvera iye. Mantha amenewa ndi oti banja likhale pansi n'kukambirana. Kuwabisa m'mawu oipitsa mbiri ya mayi wosalakwa ndi nkhanza.

Tsono za kuti zonse zili pa foni. Wonena zimenezi sanaonepo mmene uphungu amauphunzitsira. Mamojulo amafikadi pa foni kapena pa pepala, ndipo wophunzira angathe kuloweza maina a Freud, Piaget ndi Carl Rogers ali pakhonde pake ku Waliranji. Koma ntchito ya mphungu ndi kumvetsera munthu wosweka mtima, ndipo palibe anaphunzira kupalasa njinga powerenga kabuku. Ku koleji ophunzira amawakhazika atatuatatu. Mmodzi amayerekeza kukhala mlimi amene fodya wake wabwezedwa ku okushoni, wakatapila akumudikira pakhomo. Wachiwiri ndiye mphungu. Wachitatu amakhala pambali ndi kope, kulemba zimene akuona. Sipapita mphindi zisanu mphunzitsi asanaimitse: mwamudula mawu kawiri, mwayamba kumulalikira asanamalize, wanena kuti watopa ndi moyo inu n'kusintha nkhani chifukwa mwachita mantha. Yambiraninso. Wophunzirayo amayambiranso, thukuta lili kamukamu, anzake akuyang'ana. Pamenepo ndi pamene amaphunzira kukhala chete osathamangira kudzaza mpata ndi malangizo, ndiponso kufunsa funso lovuta lija mosazungulira, lakuti kodi mwaganizapo zodzipha. Zolakwa ngati zimenezi munthu sazidziona yekha. Pamafunika diso la wina, ndipo diso limenelo silingamuone kudzera mu uthenga wa mawu wotumizidwa pa netiweki yodukaduka.

Masiku amenewa amakhalanso othinana kwambiri, chifukwa zimene wophunzira wa tsiku ndi tsiku amazimva m'miyezi, wa ODL amazimeza m'masiku ochepa. Makalasi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mzere wa fotokope, asayimenti yofunika mawa, laibulale imene kumudzi kulibe. Mayeso nawo amalembedwa pamaso pa oyang'anira. Amene sanapite ku "face to face" amatsalira, akatsalira amalephera, akalephera fizi ija yapita m'madzi. Bambo amene wakaniza ulendowu adziwe kuti watentha ndalama ya banja lake lomwe.

Komanso njira imeneyi sinabwere ndi mafoni. Malawi Correspondence College inakhazikitsidwa mu 1965, n'kudzasanduka Malawi College of Distance Education, ndipo ma CDSS ambiri amene ana athu akuphunzirako anayamba ngati malo ake ophunzirira. Sukulu yapulaimale itakhala yaulere mu 1994, aphunzitsi ochuluka analembedwa asanapite ku koleji, ndipo kuyambira 1997 anasulidwa kudzera mu MIITEP, miyezi ina ku koleji, miyezi yambiri ali kusukulu kwawo akuwerenga okha. Domasi College of Education yasula aphunzitsi a sekondale mwanjira yomweyi, akumapita ku Zomba nthawi ya tchuthi. Mu 2010 boma linayambanso kusula aphunzitsi apulaimale kudzera mu ODL kuti sukulu zakumudzi zipeze aphunzitsi. Aphunzitsi onsewa amaphunzira psychology ya kakulidwe ndi kaphunziridwe ka mwana. Lero Mzuzu University ili ndi malo a ophunzira a ODL ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje, ndipo kutsidya kuno University of Zambia nayo imaitanira ophunzira ake akutali ku Lusaka. Choncho amene akufalitsa uthengawu akutukwana aphunzitsi omwe anawaphunzitsa kuwerenga.

Nsanje imeneyi si ya kuno kokha. Ku Britain, Open University itayamba kuphunzitsa mu 1971, sabata zogonera komweko zinali mbali ya maphunziro ambiri, psychology ili m'gulumo, ndipo nkhambakamwa zomwezi zinamveka. Sewero la Willy Russell la mu 1980, Educating Rita, likunena za mwamuna amene anatentha mabuku a mkazi wake wophunzira pa yunivesite imeneyo. Patha zaka zoposa 40, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ife tikadali pomwepo.

Sitikunena kuti m'makoleji mulibe zoipa. Aphunzitsi ena amavutitsa ophunzira aakazi powaopseza ndi malikisi, ndipo zimenezi n'zonyansa. Koma pamenepo wolakwa ndi mphunzitsiyo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati khalidwe lotere ndi mlandu woti munthu angakagwire nawo ukaidi wa zaka zisanu, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission lili ndi mphamvu yofufuza. Amene ali ndi umboni apite nawo kumeneko kapena ku polisi. Kutsekera mayi m'nyumba kumasiya chilombocho chili pantchito, chikudikira mwana wa wina. Ndipo abambo adziwenso kuti lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006 silinena za kumenya kokha. Kuzunza munthu m'maganizo ndi kumupondereza pa chuma zilimonso.

Chimene chikutidetsa nkhawa koposa ndi ichi. Boma la Mchinji lili ndi anthu oposa 600,000 malinga ndi kalembera wa 2018. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, mtunda woyandikira makilomita 400 kuchokera kuno. A St John of God ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, koma ngakhale Lilongwe ndi makilomita 110, thiransipoti yake si ya aliyense. Pakati pa munthu wa ku Mkanda amene wataya mtima ndi zipatala zimenezi payenera kukhala wina wapafupi wodziwa kumvetsera: mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaumoyo, wapolisi wa ku Victim Support, mayi wa kumpingo. Aliyense womvera wayilesi akudziwa kuti nkhani za anthu odzikhweza chifukwa cha ngongole ndi mikangano ya m'banja sizikutha, ndipo ambiri mwa iwo ndi abambo. Onjezani atsikana othawitsidwa sukulu n'kukwatiwa ali ana, ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, anyamata obwerera chimanjamanja kuchokera kutsidya. Onsewa akufuna munthu wosulidwa bwino. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaonetsa kudzera mu Friendship Bench kuti agogo wamba akaphunzitsidwa ndi kuyeserera mokwanira amatha kuthandiza anthu ovutika maganizo atakhala nawo pa benchi panja pa chipatala. Chinsinsi chake n'kusulidwa maso ndi maso kumene uthengawu ukunyoza.

Amene angachite ntchito imeneyi kuno ndi anthu okhala konkuno, amene sangasiye ntchito ndi ana kwa zaka zinayi kukakhala ku Zomba. ODL ndiye khomo lokhalo limene ali nalo. Mayi mmodzi akasiyira panjira chifukwa cha mphekesera, sukulu yonse kapena chipatala chonse chaching'ono chimatsala chopanda mphungu. Bambo amene akaniza mkazi wa mnzake potumiza uthengawu mwina ndi yemweyo amene chaka chamawa, mitengo ya fodya ikadzagwa, adzasowe womuuza zakukhosi.

Zina zimene zaphatikizidwamo sizofunika kutaya nazo nthawi. Zoti wophunzira psychology amapenga kapena amawerenga maganizo a mwamuna wake ndi nthano chabe. Zoti pepala la ODL n'logula, onani ngati kolejiyo ndi maphunzirowo n'zovomerezedwa ndi National Council for Higher Education musanalipire tambala, chifukwa makoleji achinyengo alipodi. Zoti ulendowu umadya ndalama n'zoona, ndipo makoleji achitepo kanthu: atulutse masiku msanga, apeze malo ogona otetezeka a amayi, makamaka oyamwitsa, ndipo aganizire zobweretsa makalasi ena pa boma pompano m'malo moti aliyense azilowera ku Lilongwe.

Kwa abambo amene mtima sukukhazikika, njira ilipo yosavuta. Koleji iliyonse yolongosoka imapereka kalata yoitana ndi ndondomeko ya makalasi. Iwerengeni. Ngati sizikukwanira, aperekezeni mayi mpaka pa geti, mukaone holo, mukaone kogona, mupatse moni anzawo. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo alankhulepo pa misonkhano yawo, chifukwa nkhaniyi ikafika kwa ankhoswe imakhala itawononga kale. Ndipo inu oyang'anira magulu a WhatsApp a kumpingo, a kuntchito ndi a kumudzi, uthengawu ukafika m'gulu mwanu mufunseni wotumizayo dzina la koleji ndi umboni wake pamaso pa onse. Akalephera kupereka, ufufuteni.