Wodwala TB Asadziweluze Yekha

M'makomboni, munthu akauzidwa ku kiliniki kuti ali ndi cifuwa ca TB, kawilikawili mau oyamba kutuluka pakamwa pake ndi akuti, "Basi, ine ndatha." Abale nao amayamba kunong'onezana ndi kumupatulila mbale ndi kapu. Maganizo otele ndi oopsa, pakuti munthu amene wadziweluza kuti afa saona cifukwa comwela mankhwala tsiku ndi tsiku.

Zoona zake ndi izi. TB imacilitsika, ngakhale kwa munthu amene ali ndi kalombo ka HIV. Mankhwala ake ndi aulele m'zipatala ndi m'makiliniki a boma, ndipo pa TB wamba amamwedwa miyezi 6. Matendawa amayenda mu mpweya, osati pa mbale. Kutsegula mawindo kumateteza banja, koma kumupatula kumangomufooketsa. Wosiya mankhwala pakati amapatsa tulombo mpata wolimba, ndipo TB yosamva mankhwala ndi yovuta kucilitsa.

Kulimba mtima ndi cizolowezi cimene munthu amaciphunzila pang'onopang'ono. Wodwala aziconga pa kalenda tsiku lililonse akamwa mankhwala. Akapimidwa pa sikelo ku kiliniki, azilemba makilo ake. Ganizo lakuti "ndatha" likabwela usiku, aliyankhe ndi zimene walemba: "Ndamwa masiku 60, ndipo thupi likubwelela." Mphamvu zikayamba kubwela, agwileko kanchito kopepuka monga kuthilila ndiwo kuseli kwa nyumba. Asankhe munthu mmodzi wokhulupilika womukumbutsa mankhwala, ndipo atalikilane ndi alendo ongokamba za malilo. Kacasu sacotsa nkhawa, amangoononga ciwindi cimene cikulimbana kale ndi mankhwala.

Malemu a Winstone Zulu anaonetsa citsanzo. Mu 1990 anakhala munthu woyamba m'Zambia kuulula poyela kuti ali ndi HIV. Mu 1997 anadwala TB, namwa mankhwala, nacila, ndipo anakhala akulimbikitsa odwala kufikila imfa yao mu 2011. Koma moyo wao uli ndi cenjezo. Mu 2000 anasiya ma ARV atamvela anthu okana kuti HIV ndiyo imayambitsa AIDS. Anadwala kwambili, ndipo anapezanso bwino atayambanso kumwa. Maganizo abwino salowa m'malo mwa mankhwala. Nchito yake ndi kuthandiza munthu kuti awatsilize.

Ngati cisoni capitilila masabata 2, tulo kulibe, kapena wodwala akukamba zodzipha, abale asangomuuza kuti "limba mtima." Amenewo ndi matenda a maganizo ofunika cithandizo, ndipo apite naye ku kiliniki msanga.

Banja limene limadya pamodzi ndi wodwala ndi kuwelenga naye masiku a mankhwala limamuthandiza kufika mwezi wa 6.